Ndinati Ombwe Amapha Zonse

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, amayi ndi abambo. Abusa andiuza kuti muholo muno mwadzaza anthu a luso: ena mumapanga mbaula, ena mumasula makasu, ena mukuyesa mbewu, ena ndinu ophunzira za ulimi. Ndiye kuti ndikulankhula ndi anzanga. Ndilankhula Chichewa, chifukwa nkhani ya manyazi munthu amaifotokoza bwino m'chinenero chimene amayi ake ankamukalipiramo. Achinyamata, pamene mungasokere funsani agogo amene mwakhala nawo pafupi.

Dzina langa ndine Eneresi Mbewe. Sindinabepo chinthu cha munthu, sindinagonepo m'ndende. Ndinangowonjezera liwu limodzi pa chinthu chimene chinali choona, ndipo liwu limenelo linadya minda ya anthu.

Ndinabadwira pakomboni ya pulazi ina, famu yaikulu, kufupi ndi Selous. Bambo anga anachokera ku Dedza, ankayendetsa thirakitala. Ine ndinayamba ntchito ndili mtsikana, yoyendera munda wa thonje kuwerenga tizilombo. Umadutsa mundawo mopingasa, kutembenuza tsamba lililonse, kufuna mazira a mbozi ang'onoang'ono ngati mchenga. Maso anga anali akuthwa. Anthu ofufuza za thonje a ku Kadoma atabwera papulazipo anaona kawerengedwe kanga, ananditenga. Ndinagwira nawo ntchito zaka zoposa makumi awiri. Ndinaphunzitsa alangizi a zaulimi amene anapita kusukulu kuposa ine. Mkulu wathu, VaChikomo, ankati akafuna nambala yodalirika amatuma Mai Mbewe. Zimenezi sindikukokomeza, ngakhale ndikudziwa kuti ena muli ndi ufulu wondikayikira.

Tsono pali chitsamba chija cha ombwe. Bambo anga ankachibzala kuseri kwa nyumba, kusinja masamba ake n'kuthirira m'khola la nkhuku kuti utitiri ufe. Ine ndinaganiza, bwanji pa thonje? VaChikomo anandipatsa mizere ingapo kumapeto kwa munda. Ndinayesa nyengo zitatu. Ndinapeza muyezo wa masamba ndi madzi, ndinapeza kuti ukathira sopo pang'ono mankhwalawo amamatirira patsamba, ndiponso kuti upopere dzuwa litapendeka chifukwa dzuwa lamphamvu limawapha mphamvu. Nsabwe zija zimayamwa masamba zinkafa ndithu. Timbozi tongoswa kumene tinkafa tina, tina ayi. Koma mbozi imene yaboola kale chipatso cha thonje n'kulowa m'kati, ombwe sankaikhudza n'komwe. Zonsezi ndinazilemba m'buku ndi dzanja langali.

Kenako inafika jambanja, chipwirikiti chija cholimbirana minda. Mapulazi analandidwa, anthu athu a m'makomboni anabalalika, ena anadzaunjikana kuno ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu muno, ena anatsalira m'mapuloti a alimi atsopano. Mankhwala opopera anasowa m'masitolo ngati mmene anasowera shuga ndi mafuta ophikira. Aliyense ankafuna kulima thonje, koma apopere ndi chiyani?

Tsiku lina kunali chionetsero cha zaulimi kuno ku Chegutu, ndipo anandipatsa mpata wolankhula za ombwe. Ndinalankhula monga ndinaphunzitsidwira: amachepetsa izi, izi sitikudziwa bwino, pakufunika kuyesabe. Anthu anayamba kuyasamula. Ena ankanong'onezana kuti mayi wa pakomboni angatiuze chiyani. Ndiye bambo wina wa chipewa chachikulu anaimirira kumbuyo, anafuula m'Chishona kuti, "Amai, musatitayire nthawi. Mankhwala anuwo amapha kapena sapha?"

Ndinati, "Amapha."

"Amapha chiyani?"

Ndinayang'ana nkhope zonse zija zitatembenukira kwa ine koyamba m'moyo wanga. Ndinati, "Amapha zonse."

Abale, m'manja mmene anawombera! Amayi analulutira. Zaka makumi awiri ndikunena zoona, palibe anandiwomberapo m'manja. Ndanena bodza kamodzi, anthu akukanganirana kundigwira chanza.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Wina ananditchula Dokotala Mbewe, ine osamukonza. Anandiitana pawailesi, nyengo zitatu zija zinasanduka zaka khumi. Mizere ya kumapeto kwa munda inasanduka minda yambirimbiri. Ndinati azungu akunja akundifunafuna, pamene anali mnyamata mmodzi wophunzira amene anandifunsapo funso. Ndinati ombwe amaposa mankhwala a m'sitolo. Malipiro apantchito anali atasanduka mapepala osagula ngakhale buledi, ndiye ndinasiya ntchito, ndinayamba kuthira ombwe m'mabotolo n'kumayenda nawo m'makombi, maminibasi aja, Kadoma, Chegutu, Selous. Anthu ankandipatsa chimanga, nkhuku, nthawi zina mbuzi.

VaChikomo anandipeza tsiku lina pamalo okwerera kombi ku Kadoma. Anati, "Mai Mbewe, ndinakumvani pawailesi. Buku lija munalemba lidakali mu ofesi mwanga. Auzeni anthu zimene zili m'bukumo, n'zokwanira kale. Chinthu chanu n'chabwino, musachiphe nokha."

Ndinaseka. Mumtima ndinati nsanje, akuona kuti mayi wopanda digiri wawapitirira. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma ng'oma imene ikulirayo simva mwambi.

Tsopano ndichepetse liwiro, chifukwa pano ndi pamene pali nkhani.

Achimwene anga anamwalira jambanja isanayambe, anasiya mkazi wawo, alamu anga Mai Tendai, ndi ana atatu. Woyamba, Tendai, anali mtsikana wanzeru, ali Fomu 3, ndipo ankauza aliyense kuti adzakhala wofufuza ngati tete wake, ndiye ine azakhali akewo. Alamu ndi anawo atachotsedwa pakomboni, mlimi wina watsopano anawabwereka kamunda kuseri kwa Selous, pa pangano loti akakolola thonje agawane. Kampani yogula thonje inawapatsa mbewu ndi timabotolo tochepa ta mankhwala enieni a mbozi. Chaka chimenecho njala inali itavuta. Alamu anabwera kwa ine ndi timabotolo tija titamangidwa pansalu.

Anati, "Alamu, pali munthu akufuna kundipatsa zidebe za chimanga ndikamupatsa mankhwalawa. Ana akugona ndi njala. Ombwe wanu uja angakwanire yekha?"

Sindinaganize n'komwe. Pakamwa panali patazolowera. Ndinati, "Sinthanitsani, alamu. Ombwe amapha zonse."

Anasinthanitsa. Mabanja ena a kwathu, anthu amene ndinakulira nawo pakomboni, ataona kuti mlamu wa Dokotala wachita choncho, nawonso anachita chimodzimodzi.

Mu February alamu anandipeza pano pa Chegutu ndikukwera kombi. Anayamba kunena kuti akuona timabowo pa zipatso. Kondakitala anali akuwomba pachitseko. Ndinawayankha kudzera pawindo kuti, "Pitirizani kupopera, musamadumphe masiku!" Kombi inanyamuka.

Mu March bungwe lina lothandiza alimi linafuna kufalitsa ombwe m'maboma angapo. Anati akufuna kuona munda umodzi wopoperedwa ndi ombwe yekhayekha. Ndinati ulipo, wa alamu anga. Mundimve bwino: ine, amene ndinakulira kutembenuza masamba, ndinali ndisanalowe m'munda umenewo chibzalireni. Ndinali nditanena bodza lija kambirimbiri mpaka ndinayamba kulikhulupirira ndekha.

Tinapita m'mawa pa galimoto ya bungwe. Munali mayi wa bungwelo, mlangizi wa zaulimi, ndi VaChikomo, amene anawaitana ngati katswiri. Titaima pamsewu, mundawo unali wokongola zosaneneka. Masamba obiriwira, onyezimira, opanda nsabwe ngakhale imodzi. Mayi wa bungwe anatulutsa kamera. Ine ndinayamba kulankhula, dzanja lili m'mwamba. Anthu a m'mapuloti oyandikana anali atasonkhana, koma ndinadabwa kuti palibe akumwetulira.

Alamu anandikoka mpango pang'ono. Anati chapansipansi, "Alamu, tabwerani kaye pakati, nokha."

Ndinati, "Nenani pompano, alamu, awa ndi alendo athu."

Alamu analowa m'mzere, anathyola chipatso chimodzi chachikulu, anachiboola ndi chikhadabo, anachitsegula pamaso pathu. M'kati, m'malo mwa thonje loyera, munali zakuda zonyowa, ndi mbozi yofiirira, yonenepa, ikudzipinda. Anathyola china. Chimodzimodzi. China. China. Ankangoziika m'manja mwanga, chimodzi pamwamba pa chinzake, mpaka zinayamba kugwa pansi.

Ndinalowa m'mundamo ndekha, ndikuthamanga ngati wamisala, kuthyola apa, kuthyola apo, kufuna chipatso chimodzi chabwino choti ndiwaonetse. Ndinapita kumapeto, ndinabwerera mopingasa monga ndinkachitira ndili mtsikana. Maso anga aja akuthwa anaona zonse nthawi imodzi: timabowo, ndowe za mbozi, maluwa ogwa atadzaza pansi. Mwana wa sabata imodzi pa ntchito yanga akanaziona miyezi iwiri m'mbuyomo.

Nditabwerera, VaChikomo anali atavula chipewa. Mayi wa bungwe anafunsa kuti, "Kodi mwina sanapopere bwino?"

Abale, khomo lothawira linali limenelo, lotsegula. Ndikuuzeni zoona, pakamwa panga panayamba kutseguka kuti ndivomere. Koma alamu anandiyambirira. Anatambasula manja awo. Khungu linali litasupuka, zala zong'ambika chifukwa cha kusinja ndi kufinya masamba tsiku ndi tsiku.

Anati, "Mwina ndine ndalakwitsa, amayi. Ine sukulu sindinapite. Nditaona mbozi ndinawirikiza masamba, ndinayamba kupopera kawiri pa sabata, kenako katatu. Tendai ndinamusiyitsa sukulu masabata awa kuti azinditungira madzi. Ndimaopa kuuza anthu, kuti ndingachititse manyazi alamu anga. Mwina muyezo ndi umene ndinaphonya."

Ankandiikira kumbuyo. Munda wawo wafa, manja awo asupuka, ndipo akudziimba mlandu kuti dzina langa lisade.

Ndinamva nkhunda ikulira patali. VaChikomo sanandiyang'ane, ankayang'ana nsapato zawo. Sanafune kundiulula. Anandisiyira ndekha.

Ndinati, "Alamu, simunalakwitse. Ngakhale mukanapopera tsiku lililonse. Ombwe sapha mbozi imene yalowa m'chipatso."

Anati, "Mwadziwa lero?"

Ndinati, "Ayi."

"Munadziwa liti?"

"Kale. Ndisanayambe kugulitsa."

"Tsiku lija ndinabwera ndi timabotolo pansalu, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Alamu anakhala pansi, pafumbi pomwepo, miyendo atatambasula ngati pamaliro. Sanalire. Anangoti, "Mayo ine. Mchemwali wa mwamuna wanga."

Kumbuyo kwa anthu kunali Tendai, ndowa ya madzi ili pamutu. Anaitula pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho, anatembenuka n'kumapita. Mkulu wina, a Jailosi, amene anali mnzawo wa bambo anga, nawonso munda wawo unali utapita, anandiyandikira. Ndinkayembekeza kuti andimenya. Anati, "Mwana wa Mbewe, tikanamizidwa ndi mlendo tikanati ndi dziko. Koma iwe?"

Zotsatira zake zinandidzidzimutsa kuposa tsikulo. Ine ndinkaganiza kuti chigwe ndi bodza lokha, choona chitsale. Sizitero. Anthu anazula ombwe m'makomo mwawo n'kutentha. Amayi amene ombwe ankawapulumutsira repu ndi tomato ku nsabwe, kumene ankagwiradi ntchito, anasiya, masamba awo n'kudyedwa. Bungwe lija linatseka nkhaniyo. Kenako ndinamva kuti wofufuza wina wachinyamata, polemba za mbozi, anachotsa manambala onse amene ndinawerenga ine zaka makumi awiri zija, ati sangadziwe kuti oona ndi ati. Manambala amenewo anali oona, nambala iliyonse, ndinawapeza ndikuwotchedwa ndi dzuwa. Koma ndikanamutsutsa ndi pakamwa pati?

Mwini puloti analanda kamunda kaja. Alamu anasamukira m'kachipinda kamodzi ku Chinengundu, mbali ina ya tauni ino, kumagulitsa tomato pamsewu. Tendai sanabwererenso kusukulu. Chaka chisanathe anawoloka kupita ku South Africa kukagwira ntchito za m'nyumba.

Ine ndinadzitsekera. Kutchalitchi ndinasiya, yunifomu ya chigwirizano ndinaipinda. Ndipo popeza ndabwera kudzanena zonse, ndinena: ndinayamba kumwa kachasu. Ndinkathira m'kapu ya tiyi kuti aneba akaona aziti ndikumwa tiyi. Mayi wamkulu ngati ine, dzuwa lili pamutu, ndili chigonere pakhonde. Zinatenga chaka chathunthu ndi miyezi. Ana a mumsewu ankandiitana Dokotala akuseka.

Amene anandidzutsa si abusa, pepani abusa. Ndi alamu omwe aja. Anafika tsiku lina masana, osagogoda, ali ndi tsamba la repu m'manja, lodzaza nsabwe. Anali atayamba kadimba kuseri kwa kachipinda kawo. Ananunkhiza kapu yanga, anakhuthulira panja. Anandiika tsamba lija pamwendo.

Anati, "Sindinabwere kudzakukhululukirani, zimenezo ndikulimbana nazo ndi Mulungu wanga. Ndabwera chifukwa ndilibe mari yogulira mankhwala. Ndifunsa kamodzi. Izi, ombwe amapha?"

Ndinatembenuza tsambalo. Ndinati, "Izi amapha. Koma pakatha masiku ochepa zimabweranso, muyenera kubwereza. Ndipo masambawo musadye tsiku lomwelo, dikirani masiku angapo, mutsuke bwino."

"Nanga mbozi ya tomato?"

"Ikalowa m'kati, sapha."

"Nanga tizilombo tofiira tija?"

"Sindikudziwa. Sindinayesepo."

Anagwedeza mutu. Anati, "Eya. Mawu amenewo ndi amene ndimafuna kumva ngati pakamwa panu pangawatulutse. Sambani, tikafune ombwe."

Tinayenda mpaka kumanda akale a pakomboni, n'kumene tinapeza chitsamba chimene chinapulumuka moto.

Tsono ndikuuzeni zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza. Choyamba chinali chowawa: kupita khomo ndi khomo kwa mabanja onse aja. Osati kukafotokoza za njala ndi mavuto a dziko, ayi, koma kukanena kuti ndinadziwa ndipo ndinanama. Ena anandipatsa mpando. Mayi wina anandithira madzi otsukira mbale. A Jailosi anandimvetsera mpaka kumapeto, anati wamaliza, pita. Anamwalira osandipatsanso moni, ndipo zimenezo ndidzapita nazo kumanda.

Ndinapitanso kuwailesi kuja kuti ndikakonze zimene ndinanena. Anati nkhani yotere omvera saikonda. Ndiye ndinaimirira m'matchalitchi, m'misika, pamalo ogulitsira thonje, paliponse pamene ndinanamapo. Bodza linayenda pa wailesi, choona chinayenda wapansi.

Dzina la Dokotala ndinalikana. Mpaka lero wina akanditchula choncho ndimamuimitsa pomwepo, ngakhale pamaliro.

Ndinabwerera kwa VaChikomo kukapempha chinthu chimodzi, kuti ndikayesa kanthu, wowerenga azikhala wina, osati ine. Munthu amene wapanga chinthu ali ngati mayi: mwana wake samuona chilema. Pezani munthu amene sakukondani kwambiri, ameneyo ndiye akuwerengereni. Ndipo musanatsegule pakamwa pagulu, lowani kaye pakati pa munda. M'mbali mwa msewu munda uliwonse ndi wokongola.

Kachasu sanachoke tsiku limodzi. Amayi awiri a chigwirizano ankasinthana kubwera kwathu masana, nthawi imene ludzu lake linkandigwira, kudzasenda nane mtedza mpaka lipite.

Chinanso, yang'anirani nthawi imene anthu ayamba kuyasamula. Pamenepo ndi pamene Satana amaima. Chinthu chako n'chabwino, wachivutikira, koma ukachinena mmene chilili chikumveka chaching'ono, ndiye umafuna kuthirako mchere. Asiyeni ayasamule. Amene akuchifunadi abwera pambuyo pa msonkhano.

Lero ndimagulitsabe ombwe, kwa amayi a madimba. Pabotolo lililonse ndimamata kapepala kolemba m'Chishona ndi m'Chichewa, ndipo mawu oyamba, a zilembo zazikulu, ndi a zimene mankhwalawa sachita. Ogula ndi ochepa kuyerekeza ndi kale. Koma amabweranso.

Khirisimasi yapitayi Tendai anabwera kudzaona amayi ake. Ndi mayi tsopano, wa ana awiri, akadali kuchapa ndi kusesa m'nyumba za anthu. Zaka zonsezi anali asanandilankhulepo. Tsiku lachitatu anafika kwathu, anandipeza pakhonde ndikumata mapepala pamabotolo. Sanakhale pansi. Anatola botolo limodzi, anawerenga kapepala konse, mbali ya Chishona, kenako mbali ya Chichewa, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ana a masiku ano mukudziwa, timawalankhula Chichewa iwo n'kuyankha Chishona. Koma tsiku limenelo anandiyankhula m'chinenero cha bambo ake.

Anati, "Tete, mukanalemba izi kale."

Ndinati, "Inde, mwananga."

Ndinalibe china chowonjezera, ndipo sindinawonjezere. Kenako Tendai anakoka mpando, anatenga guluu, anati ndimupatsire mapepala otsalawo. Tinamata mabotolo onse mpaka anatha, osalankhula.

Ambuye akudalitseni. Ndakhala pansi.